Ng'ombe Zalowa Chofunda Chisanathe

Chitenje chimene amayi a kilabu yosoka analandira tsiku limenelo sichinakondweretse ndi mmodzi yemwe. Chinali chachikasu chobaya m'maso, chodzaza ndi nkhanga zofiirira zotong'ola maso ngati zaona kabawi. Munali mu Juni chaka cha 1996, m'holo ya tchalitchi pa boma la Lundazi, ndipo amene anabweretsa mpikisanowo anali Mayi Tryphena Zimba, mwini sitolo ya nsalu ku Chipata.

"Aliyense atenge chimodzi," anatero mayiwo. "Musoke chofunda cha zigamba. Zidutswa zina sakani kumene mungasake, koma chitenje ichi chilowemo chonse, ndipo osawonjezela china. Sinifuna mabokosi ondondozana amene tazolowela. Nifuna chinthu chamene sininaonepo. Opambana atenga makina opalasa na phazi."

Amayi anang'ung'udza, ena anaseka. Yunike, mwana wa a Mtonga a ku Mphamba, sanaseke. Anapinda chitenje chake mosamala n'kuchifungatira. Iye ankasoka ndi singano ya pamanja kuyambira ali mtsikana, ndipo makina ankangowaona m'makonde a masitolo.

Panja, pansi pa mtengo wa mango, Madalitso anali atatsamira njinga yake. Anali mnyamata wa ku Kasungu, wogulitsa sopo, shuga ndi nsalu, amene ankadumpha malire ndi njinga kawiri pamwezi. Chibwenzi chawo chinali chitatha chaka.

"Nyamtonga," anamuitana ndi dzina la kwa bambo ake monga ankachitira akafuna kumuseketsa, "nsalu yake ndi imeneyi? Ineyo ngakhale atandininkha ulere sindinganyamule."

"Lekani imwe a ku Malawi. Nkhanga izi zizanipatsa makina."

Madalitso anamasula kathumba pakaliyala. Munali zidutswa zimene anatola kwa atelala a ku Kasungu, ndipo pamwamba pake panali zina zabuluu wakuda, zosalala ngati madzi.

"Zabuluuzi ndinachita kupempha mogwada. Ndi zako wekha, palibenso wina ndamupatsa."

Yunike asanathokoze, panadutsa Linah, chitenje cha mpikisano chili paphewa. Madalitso ankachita lendi kachipinda kunyumba kwa bambo ake a Linah, ndipo mtsikanayo sankabisa zimene ankafuna.

"A Mada, musachedwe," anatero osamuyang'ana Yunike. "Madzi osamba nateleka kale."

* * *

Khola la a Mtonga linali litamera bonongwe. Ng'ombe zinapita chaka cha njala, imodziimodzi, posinthana ndi chimanga. Kuyambira pamenepo banjalo linkalima ndi khasu, ndipo khasulo linapinda msana wa mdalayo mpaka ankayenda akuyang'ana pansi.

Ndiye panatulukira wofunsira Yunike, Darius Nyirenda wa ku Kapichila, mlimi wa fodya, mwini galimoto ya vaneti ndi khola lodzaza, amene mkazi wake anamwalira n'kumusiyira ana atatu. Sanali munthu woipa. Ichi ndicho chinkamupweteka Yunike kwambiri, chifukwa analibe choipa choti amunenere.

Nthumwi ya Madalitso inali itabwezedwa kale kamodzi. Amene anaibweza anali a Faides, mlongo wa a Mtonga, amene ana onse ankawaitana kuti ankhazi.

"Wa ku Kasungu uja azatipatsa chani?" anafunsa ankhazi Lamulungu lina masana, banja lonse lili pakhonde. "Kwao mwamuna ndiye akwatiwa. Abwela na tambala mmodzi, ati nakwatila. Tambala alima?"

Ezron, mchimwene wake wa Yunike, anatambasula manja ake odzaza zipsera. "Ona, mlongo wanga. Chaka na chaka khasu. Anzathu amaliza munda tsiku limodzi na pulawo, ise mwezi wathunthu."

Yunike anagwada patsogolo pa bambo ake.

"Adada, nipatseni mpaka Seputembala. Nikatenga makina aja nizasoka mayunifomu a ana a sukulu. Ng'ombe zolimila tizabweleka kwa eni ake, ine n'kumalipila. Musanigulitse chifukwa cha pulawo."

"Kugulitsa!" anafuula ankhazi. "Amako anagulidwa? Ine ninagulidwa? Pakamwa apo!"

A Mtonga anapitiriza kupukusa chimanga m'lichero ndi chala chachikulu.

"Mwana wane, ine sinikukankha. Ukabwela na makina, tizakamba. Koma mvula siyembekeza munthu."

* * *

Yunike anayamba ndi mathalauza akale a pa salaula, msika wa kaunjika, akuda ndi otuwa, amene anawang'amba n'kuwalumikiza mokhotakhota popanda mzere umodzi wowongoka. Chikasu chija anachidula tizingwe topyapyala ngati udzu. Nkhanga ankazicheka imodziimodzi ndi lezala, n'kuzimwaza ngati zabalalika. Zabuluu anazisungira kona imodzi.

"Chioneka monga munda wopsa," anatero Loyce, mkazi wa Ezron, amene yekha pakhomopo ankamuthandiza kulowetsa ulusi m'singano. "Koma sinileka kuchiyang'ana."

Tsiku lina kunabwera mlendo. Linah anatsika panjinga ya bambo ake, akuti wadzagula mtedza, koma maso ake anali pa chofunda chimene chinali pamphasa.

"Monile, Nyamtonga. Eee, na iwe uli nazo zabuluu izi?" Anatsegula chikwama chake n'kutulutsa zidutswa zomwezo, buluu yemweyo, kusalala komweko. "Ine anabwela nazo yekha kuchipinda kwanga. Ati ni zanga nekha. Amuna a malonda, mnzanga! Sopo yemweyo agulitsa kuno, agulitsa uko."

Yunike anamwetulira, anamuyezera mtedza, anamuperekeza mpaka kumsewu. Atabwerera anakhala pamphasa n'kuyamba kusoka. Singano inamubaya chala, magazi n'kudontha pa thalauza lakuda, osaoneka n'komwe.

* * *

Yunike ndi Madalitso anakumana kuchigayo Lachisanu. Chigayo chinkalira kwambiri moti anachita kupita kuseri kwa nyumbayo kuti amvane.

"Madzi osamba anatentha bwino?" anayamba Yunike.

"Yunike, ndi chiyani?"

"Zabuluu zija munachita kupempha mogwada. Munagwada kangati? Kawili?"

Madalitso anavula chipewa n'kuchipinda m'manja. "Linah ali ndi kiyi wa bambo ake. Analowa m'chipinda ine kulibe, anatapa m'thumba. Nditamufunsa anati ndikalankhula auza bambo ake kuti ndinamugwira dzanja. Ukudziwa mdala uja. Akandithamangitsa, katundu ndikasunga kuti?"

"Ndiye munakhala chete."

"Ndinakhala chete."

"Na ine simunaniuze."

"Ndimaopa nkhope imene ukundionetsayi."

Yunike ankafuna kumukhulupirira. Theka la mtima wake linamukhulupirira ndithu. Koma theka linalo linkaona mwamuna wogona mpanda umodzi ndi Linah, wosamba madzi a Linah, woopa Linah kuposa kumutaya iye.

"Chokani panyumba paja," anatero.

"Ndipite kuti? Ndipatse miyezi iwiri."

"Aliyense anipempha miyezi. Ine yanga ikutha."

Anasenza ufa wake n'kumapita. Madalitso anamutsatira ndi njinga mpaka pamlatho, akumuitana ndi mayina onse awiri, koma iye sanatembenuke.

* * *

Ng'ombe za malowolo zochokera kwa Darius zinalowa mu Ogasiti, tsiku limene Yunike anapita kumaliro kumudzi woyandikana nawo. Pobwerera anamva nthungululu ali patali. M'khola muja bonongwe anali atapondedwa, ndipo munaima nkhunzi ziwiri zolimira ndi zazikazi zingapo, zikupukusa michira ngati n'zapakhomo kalekale.

"Adada, munati tizakamba!"

A Mtonga sanamuyang'ane. "Zabwela zokha, mwana wane. Ankhazi ako analandila. Ine nauza Ezron kuti asazimange goli mpaka nkhani yako itathe. Ng'ombe yosagwila nchito ibwelela kwao."

Yunike anathamangira m'chipinda chake kuti akalire payekha. Apo ndi pamene anaona kuti basiketi yake yatsegulidwa. Chofunda chinalipo. Koma theka la chitenje cha nkhanga, limene anali asanalidule, panalibe.

"Nawapatsa amake Darius," anatero ankhazi ali pakhomo, manja m'chiuno. "Munthu abwela na ng'ombe, abwelele manja chabe? Nawauza kuti ni mphatso yochokela kwa mpongozi wawo. Alila na chimwemwe."

"Ankhazi, chitenje chija n'cha mpikisano! Chiyenela kulowamo chonse!"

"Ndiye mpikisano watha. Yamba kusoka delesi la ukwati."

Masiku atatu Yunike sanagwire singano. Tsiku lachinayi, Loyce akunyamuka kukagulitsa mtedza ku boma, anamugwira mkono.

"Mlamu, mukaona a Mada muwauze kuti nkhanga zathawa theka. Musanene zina."

Loyce anabwerako madzulo. "Nawauza. Angokwela njinga."

* * *

Milungu iwiri inadutsa kuli zii. Linah anafalitsa pa boma kuti Madalitso wathawira kwawo atamva za ng'ombe. Darius anabwera kawiri ndi vaneti yake, atavala jekete ngakhale kunkatentha, n'kukhala pampando mwaulemu. Ulendo wachiwiri anabweretsa kamwana kake kotsiriza, kamene kanagona pamwendo pa Yunike ngati kamudziwa kuyambira kale. Yunike anakasisita m'mutu, mtima ukumuwawa, chifukwa kamwanako kanalibe mlandu.

Kenako m'mawa wina, akutunga madzi kudambo, anamva belu la njinga. Madalitso anali ataonda, milomo itang'ambika, nsapato imodzi atamanga ndi mphira. Anatulutsa kaphukusi m'malaya mwake.

Chikasu chomwecho. Nkhanga zomwezo.

"Ku Kasungu kunalibe. Ndinafunsa sitolo ndi sitolo. Ndachipeza ku Jenda, mayi wina atachiyala pansi pamsika."

Yunike anachitambasula. "Anati osawonjezela china. Uku ni kunama."

"Chako anakulanda. Ukungobweza chimene chinalipo."

Yunike analira pamenepo, atatsamira chifuwa chake, ndowa ili pansi. Za Linah sanazitchulenso.

"Tiye tithawe," ananong'ona Madalitso. "Lero lomwe. Mawa tigona kwathu. Amalume andipatsa munda, akuti ndibwerere mvula isanagwe. Malondawa afa, Yunike, salaula watipha."

"Nikathawa, a Nyirenda azabwela kutenga ng'ombe zawo na mkwiyo, mudzi wonse ukuona. Adada sazatulukanso panja. Yayi. Nitenge makina, adada abweze ng'ombe na manja awo, imwe mubwele na amalume anu masana, pakhomo."

"Ukapanda kupambana?"

Yunike anasenza ndowa yake. Analunjika kumudzi.

* * *

Tsiku la chiweruzo holo inadzaza. Zofunda anazipachika pazingwe kuzungulira chipinda chonse. Zambiri zinali mabokosi omwe aja, nkhanga zitakhala pakati ngati zili m'chitatanga. Cha Linah chinali ndi maluwa akuluakulu abuluu. Koma anthu anaunjikana pakona pamene panali cha Yunike.

Chinali chakuda ndi chotuwa ngati tchire lopsa, tizingwe tachikasu tikuthamanga mokhota ngati moto wotsalira, nkhanga zikubalalika kulowera kukona yabuluu. Mkati anaikamo bulangete lakale, ndipo misoko yake inali yaing'ono, yofanana ngati mapira.

Mayi Zimba anaima pamenepo nthawi yaitali. Anachitembenuza, anachikoka m'misoko, anabwerera m'mbuyo kuti achione patali.

"Wasoka ichi ndani?"

"Ndine, amama."

"Na manja?"

"Enya, na manja."

Mayiwo anagwedeza mutu n'kutenga kansalu kofiira ka opambana. Yunike anayang'ana panja. Pazenera anaona nkhope ya Madalitso.

"Amama, bwelani kuno kutsogolo, muone nchito ya mpongozi wanu!"

Anali mawu a Linah. Anali atagwira dzanja mayi wokalamba, akumupatulira njira pakati pa anthu. Mayiyo ankamwetulira, akupereka moni uku ndi uku. Kumutu kwake kunali duku lalikulu lachikasu, nkhanga zikutong'ola maso.

"Eee, mwana uyu ali na luso!" anatero amake Darius mokweza, osadziwa kanthu. "Ali na mtima wabwino futi. Onani duku ili, ananipatsa ni iye, tsiku linalowa ng'ombe. Ati anadula pa chitenje chake chamene."

Onse anatembenukira kwa Yunike. Linah anayang'ana kudenga.

Mayi Zimba anayang'ana duku, anayang'ana chofunda, n'kuyamba kutsatira nkhanga ndi chala.

"Nyamtonga, ngati theka lili pamutu apa, izi zonse zachoka kuti?"

Yunike akanatha kunama. Akanatha kunena kuti dukulo anagula padera. Koma mayi wokalambayo anali akumuyang'ana ndi maso a chikondi, ndipo bodza linamukanika.

"Ninawonjezela china, amama. Chachoka ku Malawi."

Kansalu kofiira kanapita kwa mayi wina wa ku Mwase. Linah sanapate kanthu, koma potuluka ankayimba nyimbo ya kwaya.

* * *

Yunike akutsitsa chofunda chake pachingwe, holo itatsala yopanda anthu, Mayi Zimba anamuyandikira.

"Lamulo ni lamulo, mwana wanga, ninaliika nekha. Koma manja awa sinifuna kuwasiya kuno. Ku Chipata nili na makina awili, imodzi ingokhala. Bwela mwezi wa mawa. Uzagona kwanga, uzalandila malipilo. Kambilana na makolo."

Yunike anagwada. Kenako anathamanga panja, chofunda chikukwekwereka.

Madalitso anamukweza pakaliyala. Njira yonse ya ku Mphamba ankalankhula onse pamodzi ngati ana. Malipiro a mwezi woyamba alipira pulawo. A mwezi wachiwiri agula feteleza. Madalitso achoka kwa bambo ake a Linah sabata yomweyo.

"Ng'ombe zikangobwerera, unditumizire mawu," anatero pomutsitsa pamphambano. "Amalume ndibwera nawo ngakhale powabereka. Koma ikagwa mvula ndisanamve kanthu, Yunike, munda uja sindingausiye. Ndilibenso china."

"Muzamva mawa," anayankha akuseka. Kanali koyamba kuseka chiyambire Ogasiti.

* * *

Yunike anamva fungo la nyama yootcha asanafike pakhomo. Agalu a mudzi wonse anali pabwalo. Amuna anazungulira pansi pa mtengo wa muwanga, mipeni ili m'manja, ndipo pamasamba panagona chikopa chofiira cha imodzi mwa nkhunzi zija.

Loyce anamuchingamira, maso atatupa.

"Mlamu, a Ezron anazimanga goli. Anaona kuti adada agona, imwe kulibe, ati atute njelwa na ngolo ulendo umodzi chabe. Potsika pamtsinje ngolo inakankha, nkhunzi inagwela m'chigwembe. Msana unathyoka. Achita kuipha."

Ezron anali atagwada pafupi ndi chikopacho, magazi mpaka m'zigongono. Sanadzutse mutu.

Yunike anapita kwa bambo ake, amene anakhala pakhonde atagwira ndodo ndi manja onse awiri. Anagwada n'kuwauza zonse mofulumira, za Mayi Zimba, za Chipata, za malipiro, ngati kuti akafulumira mawuwo angathe kupitirira chimene chinali pabwalopo.

"Adada, zotsalazo tibweze. Iyo yafa nizalipila pang'onopang'ono."

"Nkhunzi yolimila, mwana wane? Na singano?" Mawu awo anali otsika kwambiri. "Zinabwela zamoyo. Tazimanga goli, taphako imodzi. Ningapite na nkhope yanji kwa a Nyirenda?"

"Adada..."

"Tatumiza kale uthenga ku Kapichila. Ayankha bwino, ni munthu wabwino uja. Ati tisadandaule, ng'ombe ni zathu, tidye. Apempha chimodzi chabe, kuti ukwati usadikile kukolola. Uchitike mvula isanagwe."

Ankhazi anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula mbale yodzaza chiwindi. Anachotsa chofunda chija m'manja mwa Yunike, n'kuchiponya pampando, m'malo mwake n'kuikamo mbaleyo. Inali idakali yofunda.

"Kaphike, adye adada ako," anatero. "Ng'ombe yamene yalowa mumphika sibwelela kwao."